Manja Awiri a Sairusi

Sairusi atakwera masitepe a ofesi Lolemba lija, malaya atamatirira kumsana ndi mvula, Kamini anadziwiratu kuti zakanikanso. Munthu amene zamuyendera sakwera masitepe mwakachetechete choncho. Makamaka Sairusi, amene masiku onse umayamba wamva kuseka kwake mwiniwake asanaoneke.

"Usandiuze," anatero Kamini, maso ali pa laputopu.

"Yachitanso zomwe zija, aise."

"Zomwe ziti?"

"Ndangoitsegula, mapu athawira kumbali, kwatsala theka lokha. Mabatani a m'munsi aja kulibe. Mayi Akanisi angondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, nkhani n'kuthera pomwepo."

Ofesi yawo inali kachipinda ka pamwamba pa shopu ya telala mumzinda wa Suva, ndipo tsiku lonse pansi pankanjenjemera ndi makina osokera. Awiriwa anadziwana kusekondale m'tauni ya Nausori, kumene ankagawana roti, chapati cha kwa a Kamini, ndi chinangwa cha Sairusi mpaka aphunzitsi anatopa n'kuwalekanitsa mipando. Tsopano anali ndi kakampani ka anthu awiri. Kamini Naidu ndiye ankalemba pulogalamu ya pafoni, Sairusi ndiye anali miyendo ndi pakamwa. Pulogalamuyo inali ya amayi ogwira nkhanu ndi otola nkhono mumtsinje wa Rewa. Inkawauza nthawi imene madzi aphwe, ndiponso malo amene atsekedwa kuti nkhanu ziswane. Wapampando wa gulu la amayiwo anali Mayi Akanisi, namwino wopuma pantchito. Iwo akati inde, midzi yonse ya m'mbali mwa mtsinje ivomera. Ndipo aka kanali kachiwiri pulogalamuyo kuchita manyazi pamaso pawo.

"Bweretsa kuno," anatero Kamini.

Anaiimika foniyo pa kachoimikira ka pulasitiki kamene ankayeserapo ntchito yake yonse, n'kulumikiza chingwe ku laputopu. Anagunda kachithunzi ka nkhanu. Pulogalamu inatseguka mwaulemu wake wonse, mapu pakati, mabatani m'munsi, zonse zili m'malo. Anaitseka, anaitsegulanso. Chimodzimodzi.

"Tsegula wekha ndione."

Sairusi anawerama n'kugunda. Chimodzimodzi.

"Ndiye?"

"Ndiye sindikudziwa, mlongo wanga. M'basi pobwerera ndinatsegula, inali bwinobwino. Imangopenga ikaona amayi aja."

"Foni imaopa Mayi Akanisi?"

"Ndani sawaopa?" anatero Sairusi, akuyesa kuseka. Kamini sanaseke.

"Ndinakuuza kuti ikachitanso ujambule."

"Iwe, akuluakulu ali phee kudikira, ine n'kuyamba kujambulajambula? Ndinangoitseka msanga, manyazi okhaokha. Koma ndawachonderera, atipatsa Lachisanu. Akuti ndi komaliza."

Kamini anagwira ntchito masana onse. Anayesa pa foni yakale yosweka galasi, anayesa netiweki atazimitsa, anayesa batire litatsala pang'ono kutha. Anafika mpaka poinyowetsa foniyo ndi zala zamadzi, poti mwina chinyezi cha kumtsinje ndicho chikuisokoneza. Palibe chimene chinachitika. Kamini anali ndi khalidwe limodzi limene ife omudziwa tinalizolowera: akalephera kupeza cholakwa m'ntchito yake, sankaganiza kuti sanafufuze bwino, ankaganiza kuti cholakwacho chili mwa munthu wina.

Ndiye mtima unayamba kumunong'oneza. Vuto lanji loonekera kwa munthu mmodzi yekha, pamalo pamene ine kulibe, lopanda chithunzi, lopanda mboni? Anaukankha maganizowo, poti Sairusi ndi Sairusi. Koma maganizo oterewa ukawakankhira pakhomo amalowera pawindo.

M'mawa mwake Kamini akutsika basi pafupi ndi msika, anaona galimoto yoyera itaima kutsidya kwa msewu. Amene anatsikamo anali Sairusi, akuseka mpaka kugwira chitseko. Woyendetsa anali Eroni, msuweni wake. Eroniyu ankagwira ntchito pakampani ina yaikulu ya kufupi ndi doko, ndipo aliyense ankadziwa kuti nawonso akupanga pulogalamu ya asodzi. Kamini anabisala kuseri kwa mayi wogulitsa zinanazi, ngati iye ndiye wakuba. Anaona Eroni akumenya Sairusi paphewa, anaona Sairusi akugwedeza mutu kuvomera chinachake. Mumtima anangoti, "Ohoo! Kani?"

Kamini atafika ku ofesi, Sairusi anali atawiritsa kale madzi. Anabwera ndi kapu ya tiyi ndi banzi pambale, atanyamula ndi manja awiri, atawerama pang'ono, monga ankachitira masiku onse. Mnyamata ameneyu sankadziwa kupereka kapena kulandira chinthu ndi dzanja limodzi. Kaya ndi cholembera, kaya ndi chenji cha m'basi, manja awiri basi. Kamini ankamuseka nazo kuyambira kusukulu. "Kodi ndine mfumukazi?" ankatero, iye n'kuyankha kuti, "Ukawafunse amayi anga, ndiwo anandipinda chonchi." Koma tsiku limeneli ulemu womwewo unamunyansa. Anayang'ana manja awiri aja n'kukumbukira kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Wabwera pa chiyani lero?" anafunsa ngati sizikumukhudza.

"Eroni anandipeza pasiteji, mvula ikundikwapula. Bwanji?"

"Palibe. Ali bwanji Eroni?"

"Wamisala monga kale. Akuti tsitsi langa likuthawa kutsogolo chifukwa ndimagwira ntchito ndi munthu wokalipa."

"Mumakamba za ine?"

"Iwe, ndi msuweni wanga uja. Timanyozana, ndiyo ntchito yathu. Imwa tiyi asanazizire."

Sanaumwe. Tsiku lonselo ankamuyang'ana m'mbali mwa diso. Foni ya Sairusi ikalira, iye n'kutuluka kukayankhira pamasitepe, Kamini ankachepetsa phokoso la fani kuti amve. Sankamva kanthu, makina a telala okhaokha. Chilichonse chinasanduka umboni. Akaseka, ndiye kuti akubisa. Akakhala chete, ndiye kuti chikumbumtima chikumudya. Ndipo bwanji nthawi zonse ankati, "Iwe tsala, kumudzi ndipita ndekha, ndikudziwa kayankhulidwe kake"? Kale Kamini ankayesa kuti akumupeputsira ntchito. Tsopano anati, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Kunena zoona, mtsikanayu ankavutika. Sairusi anali mnzake weniweni mmodzi yekha, ndipo kumukayikira kunkamupweteka kuposa kutaya ntchitoyo. Koma sanasiye.

Lachitatu chinaphulika. Sairusi anali atangonena kuti Lachisanu anyamuka m'mamawa kuti akapeze boti loyamba.

"Eroni wakulonjeza chiyani?" anatero Kamini.

Sairusi anatembenuka, akumwetulirabe, poyesa kuti ndi nthabwala imene sanaimvetse.

"Ndikufunsa. Ofesi ya mphepo yozizira? Galimoto? Tandiuza, kuti nane ndidziwe mtengo wanga."

"Kamini, ukuti chiyani?"

"Pulogalamu yanga ilibe vuto. Ndaigwedeza mbali zonse. Imafa ukakhala wekha ndi amayi aja, ndipo palibe chithunzi, palibe chilichonse. Amayiwo akatopa nafe apita kwa ndani? Si kwa msuweni wako? Usandione ngati mwana, Sairusi. Ulemu wako wa manja awiriwo ukapusitse nawo ena."

Makina a telala anali ataima pansi paja, ndiye mawuwo anamveka bwinobwino m'kachipinda monse. Sairusi sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangopisa m'thumba, anatulutsa kiyi wa ofesi, n'kumuika patebulo la Kamini ndi manja awiri.

"Lachisanu boti loyamba limadzaza msanga," anatero. "Uvale chitenje cha sulu, ndipo chipewa uvule usanalowe m'mudzi."

Anatsika masitepe. Kamini anasintha mawu achinsinsi onse a kampani, akudziuza kuti wosalakwa akanadziteteza.

Lachisanu Kamini anakwera minibasi mpaka ku Nausori, kenako boti lodzaza ndi matumba a ufa ndi zigubu za mafuta. M'botimo anatsegula pulogalamu ija, inatseguka bwino. Anatsegulanso atatsika, poti mwina mudziwo uli ndi chake. Inatseguka bwino. Mtima unamuwawa ndi kukondwa nthawi imodzi, chifukwa kulondola pa nkhani ngati iyi sikukoma.

Amayi anali atakhala pamikeka m'holo ya tchalitchi, ena akusenda dalo, chakudya chawo chonga mbatata, ena akukupiza ana. Mayi Akanisi anakhala kutsogolo, msana uli chilili, magalasi ali pamphuno. Kamini anavula nsapato pakhomo, analowa chowerama, n'kukhala pansi monga aliyense wokulira ku Nausori amadziwira.

"Sairusi ali kuti?" anafunsa Mayi Akanisi moni atatha.

"Watanganidwa, amayi. Ndabwera ine amene ndinaipanga."

"Ohoo. Ndiwe Kamini uja. Chabwino, tione."

Kamini anali ndi changu cha munthu wofuna kutsimikiza mlandu. Anasolola foni m'chikwama, anagunda kankhanu kaja ali pomwe anakhalapo, n'kutambasula mkono, foni ili chiimire m'dzanja limodzi. Mapu pakati, mabatani m'munsi, zonse mwa ndondomeko. Mumtima anati, "Ndakugwira, Sairusi." Misozi inatsala pang'ono kutuluka.

Koma Mayi Akanisi sanatambasule dzanja. Anayang'ana foniyo, anayang'ana mkono, kenako anayang'ana amayi anzawo.

"Mwanawe, ukulipira kondakitala wa basi kodi?"

Holo yonse inaseka. Mayi wina wonenepa amene ankasenda dalo anachita kugwetsa mpeni. "Musiyeni, ndi wa m'tauni!" anakuwa. "Kumeneko amaponyerana!"

"Itseke," anatero Mayi Akanisi. "Ndikufuna ndiione kuyambira poyambira, nditsegule ndekha ndi chala changa, poti kumtsinje sudzakhalako. Bwera nayo kuno bwinobwino."

Nkhope ikutentha ndi manyazi, Kamini anaitseka pulogalamuyo n'kuyenda ndi mawondo mpaka patsogolo pawo. Manja ake anachita okha zimene anakhala akuziona kwa Sairusi zaka zonsezi. Anaphatikiza zikhatho, n'kuigoneka foniyo chopingasa pamwamba pake, chifukwa foni ungaigwire bwanji ndi manja awiri osaigoneka? Anaipendeketsa pang'ono kuti iyang'ane kwa mayiwo, mutu atazolika. Mayi Akanisi anapukuta chala pa sulu yawo n'kugunda kankhanu.

Mapu anathawira kumbali, kunatsala theka lokha. Mabatani a m'munsi kunalibe.

"Eya," anatero Mayi Akanisi. "Ndi zomwezi."

Kamini anatsitsa manja. Anaiimika foniyo, koma mapu anakhalabe opunduka. Sipanafunike laputopu kuti amvetse. Pulogalamu ikamadzuka imafunsa foni kuti m'lifupi mwako ndi motani, m'litali ndi motani, kenako imayala zinthu zake molingana ndi yankholo. Yake inkafunsa kamodzi kokha, pachiyambi penipeni. Lamulo loti sikirini ikhale choimirira analiikamo ndithu, koma analiika pambuyo, miyeso itatengedwa kale. Ndiye foni ikatsegulidwa chogona, pulogalamu inkatenga m'lifupi ngati m'litali, ngati telala wa pansi pa ofesi yawo atasokoneza muyeso wa chiuno ndi wa mwendo n'kudula nsalu. Iye ankayesera pa kachoimikira kake, foni ili njo. M'basi Sairusi ankaigwira ngati munthu wina aliyense. Malo okhawo amene foniyo inkadzuka itagona anali pano, m'manja awiri, pamaso pa akuluakulu.

"Mnyamata uja amatuluka thukuta zikatere," Mayi Akanisi anapitiriza, osadziwa kuti akubaya pachilonda. "Ine ndinamufunsa kuti kodi amene anapanga chinthuchi amadziwa ntchito? Iye akuti, 'Amayi, mlongo wanga salakwitsa, ndi manja angawa, mwina ndikumagunda pena.' Ndinamuuza kuti manja ndawaona ambiri kuchipatala, akewo alibe vuto."

"Ndiye kunabwera msuweni wake uja wa galimoto yoyera," analowerera mayi wa dalo uja. "Ndi pulogalamu yake yonyezimira. Sairusi atamva anabwera Lamulungu lapitali ndi mtolo wa kava, mizu ya chakumwa chathu cha mwambo, kudzagwada pompo wagwada iwepo, kuti timudikire. Tinamumvera chisoni. Amakudalira mwana uja."

Kamini anati, "Amayi, ndipatseni kanthawi pang'ono. Ndaliona vuto."

Anatsegula laputopu pamkeka pomwepo. Ntchito yake inali yochepa mochititsa manyazi. Anasuntha lamulo lija kuti liyambe ndilo, n'kuiuza pulogalamuyo kuti idikire foni ikhazikike isanayeze, ndiponso iziyezanso ikatembenuzidwa. Amayi anali asanamalize n'komwe kumuikira tiyi ndi dalo wophika pamene iye anabwereranso ndi mawondo, foni itagona m'manja awiri. Mayi Akanisi anagunda. Mapu anakhala pakati. Anaitseka, anaizondotsa, anaipatsa mayi wa dalo kuti ayese ndi zala zake zonyowa. Sinagwedezeke.

"Tayitenga," anatero Mayi Akanisi. "Ukamuuze Sairusi kuti mawondo ake sanapite pachabe. Ndipo ulendo wina mubwere nonse, akuphunzitse kupereka zinthu."

Amayi anawomba m'manja mwa kwawo, zikhatho zitapindika. Kamini anathokoza, anamwa tiyi wosamva kukoma kwake. Ntchito imene anaigonera tulo tochepa miyezi yonseyi inali yake tsopano, koma mumtima munalibe chimwemwe ngakhale pang'ono.

Atatsika boti sanapite kusiteji ya Suva. Analowa mumsika wa Nausori, anagula mtolo wa mizu ya kava wokulungidwa m'nyuzipepala, poti ankadziwa kuti kwa a Sairusi munthu sapepesa chimanjamanja. Anayenda wapansi mpaka kunyumba kwawo, dzuwa la masana likuwotcha matope a mvula ya dzulo. Njira yonse ankakonza mawu, koma onse ankaoneka aafupi.

Anamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pa kabenchi, akukokota kokonati. Mkazi wake, Losalini, anasuzumira pawindo la khitchini, anamuona Kamini, n'kubweza mutu osapereka moni. Ndiye kuti anamva zonse. Losalini yemweyo amene ankamusungira nsomba ya mkaka wa kokonati Lamulungu lililonse.

Kamini anakhala pansi paudzu wonyowa, anaika mtolo uja patsogolo pake, n'kufotokoza. Ananena za foni yogona, za miyeso, za lamulo lobwera mochedwa. Ananena kuti amayi avomera. Sairusi anamvetsera osasiya kukokota.

"Ndiye analidi manja anga," anatero pomaliza.

"Ayi. Unali mutu wanga. Sai, ndinalakwa. Ndinalankhula zonyansa, ndipo ndilibe chodzitetezera. Ndikhululukire."

"Kava walandiridwa," anatero Sairusi. "Kwathu munthu akabwera chonchi sitimubweza. Nkhani yatha."

Ananena mofatsa, ndipo Kamini ankadziwa kuti sakunama, mwambo aukwaniritsa. Koma sanati aise, sanati mlongo wanga, ndipo sanamuseke za udzu wonyowa umene anakhalapo.

"Ndingofunsa chimodzi," anatero Sairusi, ataima kukokota. "Foni unaiyesa njira zonse, mpaka kuinyowetsa. Masiku awiri ukuifufuza kuti mwina siinalakwe. Ine unandiyesa kangati?"

Kamini anapisa m'chikwama n'kutulutsa kiyi wa ofesi uja. Anagwada bwinobwino, anaika kiyiyo pa zikhatho zonse ziwiri, n'kutambasula manja, mutu uli pansi. Anadikira. Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutola zinyenyeswa za kokonati.

"Lolemba ndibwera," anatero Sairusi. "Amayi aja ndinawalonjeza."

Anatambasula dzanja limodzi, lamanzere, losapukuta n'komwe, anatola kiyiyo ndi zala ziwiri n'kumuponya m'thumba la malaya. Dzanja linalo silinachoke pa kokonati.